Madzi Asanafike Pamanda a Ousley

Virgil anali atatsala ndi thabwa limodzi loti apale pamene lole ya boma inatulukira pangodya ya munda wa fodya. Sanadzutse mutu. Anaidziwa ndi kulira kwake, ndipo anadziwanso yemwe ankaiyendetsa. Inaima pafupi ndi chitsime, nkhuku zinabalalika, kenako Dewey, mng'ono wake, anatsika atavala nsapato zomata matope ofiira a kudamu.

"Lole imeneyo ichoke pakhomo pano," anatero Virgil, uku akupalabe.

Dewey anayankha kuti anachita kuibwereka kwa kapitawo atangolandira uthenga, ndipo popanda iyo akanapeza maliro ataikidwa kale. Virgil anati bambo awo ali moyo sanalolepo galimoto ya anthu a damu kuponda pabwalo lawo, ndipo sangayambe kulola lero chifukwa choti agona m'nyumba osatha kuyankhula. Dewey anakweranso, n'kukaisiya lole ija kumsewu, kunja kwa mpanda. Pobwera anavula chipewa n'kugwira mbali ina ya thabwa lija kuti lisagwedere. Moni sanapatsane.

Bambo awo, a Elbert Ousley, anamwalira Lachiwiri m'mawa akupatsa bulu chimanga m'khola. Anangokhala pansi n'kutsamira khoma, basi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Munali mu Novembala, chaka cha 1935, ndipo m'chigwa chathu cha mtsinje wa Clinch, kuno ku Tennessee, nyumba zofuka utsi zinali zitatsala zosakwana khumi. Boma linkamaliza kumanga damu kumunsi kwa mtsinje, ndipo aliyense ankadziwa kuti zipata zake zikangotsekedwa, madzi adzamiza chigwa chonse. Minda inali itagulidwa kale, ya wofuna ndi wosafuna yemwe. A Ousley anauzidwa kuti akhale atachoka chaka chisanathe.

Tchalitchi cha Shiloh anachiphwasula mu Ogasiti, belu lake n'kupita nalo kumtunda kumene anthu ambiri anasamukira. Kale belulo likanalira kamodzi pa chaka chilichonse cha moyo wa a Elbert, ndipo amuna akanasiya ntchito m'minda n'kubwera ndi mapiki popanda wowaitana. Ulendo uno kunali zii. Virgil anachita kukhoma yekha bokosi la bambo ake, ndi matabwa amene anayala padenga la khola zaka zingapo zapitazo.

M'nyumba munali Mayi Orlena, mkazi wachiwiri wa a Elbert, amene anabereka Dewey yekha. Virgil ndi mlongo wake Nola anali ana a mkazi woyamba, Cordia, amene anamwalira Virgil ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Nola zisanu. Nola anakula akuwatchula Mayi Orlena kuti amayi. Virgil sanayesepo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anadya chakudya cha m'manja mwawo, osawanyozapo, komabe ankawaitana ndi dzina, monga momwe munthu amaitanira mayi wa nyumba yoyandikana.

Nola anafika dzuwa litapendeka kuchokera ku Knoxville, kumene ankagwira ntchito pafakitale yoluka nsalu. Analowa kuchipinda kukaona bambo ake, amene anawagoneka pachitseko chochotsedwa pakhomo, n'kutuluka maso atatupa. Anamanga epuloni n'kuyamba kuthandiza kukhitchini.

Anakhala patebulo anayi, kunja kusanade. Panali nyemba, chikondamoyo ndi khofi. Mpando wa a Elbert anausiya pomwe unali. Aliyense ankadya akuyang'ana m'mbale mwake, mpaka Dewey anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Analiika pakati pa tebulo, pafupi ndi mchere.

Pepalalo onse ankalidziwa. Linali lofanana ndi limene a Elbert anabweza kawiri konse. Banja lililonse lokhala ndi manda m'chigwamo linkayenera kusankha: kusaina kuti akufa ake afukulidwe n'kukaikidwa kumanda atsopano kumtunda, kapena kuwasiya pomwe ali, madzi n'kuwapitirira pamwamba. Manda a Ousley anali pakachulu kuseri kwa munda wa maapulo, ndipo Cordia anagona kumeneko. Dewey anafotokoza kuti kalaliki wa zamanda adzabwera Lachisanu masana, ndipo umenewo udzakhala ulendo wake womaliza kumbali ino ya mtsinje. Za bambo, mwini mawu anali amayi ake. Koma za Cordia, pankafunika maina a ana ake onse awiri.

"Mwana wa boma wayankhula," anatero Virgil.

Nola anamupempha kuti asayambe. Virgil anati sakuyamba kanthu, akungonena zimene zidzachitike: mawa akumba pambali pa amayi ake, Lachisanu m'mawa aika bambo, ndipo kalalikiyo akadzabwera adzamwa khofi n'kubwerera ndi pepala lake loyera. Anawakumbutsa kuti m'chigwamo panalibe munthu wosadziwa mawu a bambo awo. Anawanena pasitolo, anawanena pamsonkhano wa kusukulu, anawanenanso kwa anyamata oyeza malo atawathamangitsa m'munda: ine m'chigwa muno ndidzatuluka atandinyamula anthu anayi.

"Ndiye anthu anayiwo ndife tili patebulo pano, achimwene," anatero Dewey. "Ananena kuti adzatuluka. Sananene kuti adzasanduka nsomba."

Virgil anaika supuni pansi pang'onopang'ono. Dewey sanasiye. Anafunsa ngati mkulu wakeyo akufuna kuti amayi azikapalasa bwato chaka chilichonse pokaika maluwa, kapena aziponya maluwawo m'madzi n'kumaganizira kuti mwina pamenepo ndi pomwe pali mwamuna wawo. Virgil anayankha kuti munthu amene wakhala chaka chathunthu akugwetsa mitengo ya m'chigwa chomwe chinamulera, kuti madzi adutse bwino, alibe pakamwa poyankhulira za maluwa. Dewey anati iye anagwetsa mitengo, inde, ndipo ana a Virgil yemweyo adzawerengera pa magetsi a damu limenelo. Virgil anati ana ake ali kwa apongozi ake, akugona asanu m'chipinda chimodzi, ndipo ayenera kuti akuthokoza kwambiri.

Nthawi yonseyi Mayi Orlena ankangonyemanyema chikondamoyo m'mbale osadya. Atayankhula, anayankhula motsitsa.

"Virgil, bambo ako ankafuna kusaina."

"Ine sindinawamve."

"Anandiuza ine. Anati pali zina akufuna amalize kaye, kenako asaine."

Virgil anawayang'ana. Anafunsa kuti zinazo n'ziti. Mayi Orlena anati sanawauze zonse, poti a Elbert sanali munthu wofotokoza za maulendo awo, koma za kusaina ananena momveka bwino, kawiri.

"Mawu amenewo mwawapeza lero, Mayi Orlena, pakamwa pawo patamangidwa nsalu?"

Nola anamenya tebulo ndi chikhatho, makapu analira. Dewey anaimirira mpaka mpando unagwa chagada. Mayi Orlena okha ndi amene sanasunthe. Anangoti iwo sananamepo m'nyumba imeneyo, ndipo sayambira pamaliro. Anati sakufuna kumulanda munthu aliyense mwamuna wake. Kuyambira chaka chimene anakwatiwa, ndi iwo amene ankazula udzu pamanda a Cordia, ndipo akufuna onse awiri apite kumtunda, akagone moyandikana, iwo adzawapeze konko nthawi yawo ikadzakwana. Koma ngati Virgil akukaniza amayi ake, iwo mwamuna wawo samusiya m'madzi.

Virgil anatembenukira kwa Nola n'kumufunsa kuti ali mbali iti. Nola anati sakudziwa. Amayi awo sankawakumbukira nkhope, ankangokumbukira manja akumumanga nsapato. Anati zowafukula sakuzifuna, koma akaganiza za madzi akuya pamwamba pawo, amabanika. Virgil anati ndiye asasaine, popeza dzina lake lokha silikwanira. Anatenga chipewa n'kubwerera kumatabwa ake. Pepala lija linatsala patebulo.

Lachinayi kunacha ndi chisanu. Nola akukatunga madzi anapeza bokosi lili pakhonde, lomalizidwa bwino, m'kati atayalamo nsalu yoyera. Koma m'khola munalibe piki ndi fosholo, ndipo mfuti imene inkakhala pamwamba pa chitseko inalibenso. Anamuuza Dewey, Dewey sanadikire n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Nola anawafunditsa Mayi Orlena shawelo, awiriwo n'kutsatira pambuyo.

Njira ya kumanda inkadutsa m'munda wa maapulo, koma mitengoyo inali itagwetsedwa kale, kutsala zitsa zokhazokha. Mapiri a mbali zonse ziwiri anali atametedwa mpaka pamzere umodzi wowongoka, umene unkasonyeza pomwe madzi adzalekeze. Mzerewo unali pamwamba kwambiri, moti munthu woima pamanda ankachita kukweza mutu kuti auone. Mitengo yokha ya mkungudza ya pamandapo ndi imene anaisiya kaye.

Akaziwo atafika, anapeza Virgil atakumba kale kufika m'mawondo, pambali pa mwala wa Cordia. Mfuti anaitsamiritsa pampanda. Dewey anali atalumphira m'dzenjemo n'kuima penipeni pomwe piki inkayenera kugwera.

"Tuluka," anatero Virgil.

Dewey anati satuluka. Anati bamboyo anali bambo ake nayenso, ndipo amayi ake si wantchito m'nyumba muja woti angouzidwa zochita. Virgil anakweza piki mpaka paphewa. Nola anamutchula dzina kamodzi. Amuna awiriwo anaima choncho m'dzenje lopapatiza, nkhope zitayandikana, mpweya wawo ukuoneka m'chisanumo. Dewey anali wamtali, koma Virgil anali wamphamvu, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Virgil sanatsitse piki, koma anayamba kuyankhula. Anati mwezi watha anapita kumanda a banja la Keck tsiku limene ankawafukula, anaima kuseri kwa mtengo n'kumaonerera. Anawo a Keck anali pomwepo, m'busa anapemphera, amuna okumbawo anavula zipewa, zonsezo anaziona. Koma anaonanso chimene chinatuluka pansi: dothi lakuda, mabatani, chipeso cha tsitsi, timafupa tingapo. Anaziika m'kabokosi kotalika ngati mkono wake, munthu mmodzi n'kukanyamula m'khwapa.

"Ine ndinawaona amayi anga akulowa pansi apa ali athunthu, atavala diresi lawo labuluu. Sindikufuna kuwaonanso ali m'kabokosi ka nsapato."

Mayi Orlena anagwira mpanda ndi manja onse awiri.

Ndi nthawi imeneyo pamene anamva ngolo ikubwera. Inkakwera kachuluko pang'onopang'ono, ikukokedwa ndi abulu awiri. Pampando panali mkulu wina wachikuda wa imvi, ndipo kumbuyo kunali amuna awiri a misinkhu ya Virgil, atagwirizira mapiki ndi mafosholo. Nola anamuzindikira mkuluyo. Anali a Lucius Whitson, amene ankalima kuseri kwa phiri, kumudzi wa anthu akuda, mtunda wa maola atatu wapansi. Ankakumana nawo kuchigayo ndi pamsika wa fodya, koma pakhomo la Ousley anali asanapondepo.

A Lucius anaimitsa ngolo kutali pang'ono ndi chipata. Anaona mfuti pampanda, anaona azungu awiri m'dzenje, wina atakweza piki. Anauza ana awo kuti akhale kaye m'ngolo, iwo n'kutsika mosafulumira, chipewa chili m'manja. Anayamba ndi kupepesa Mayi Orlena. Anati uthenga anaumva dzulo madzulo kuchigayo, ndipo anadziwa kuti m'chigwa muno simunatsale amuna. Mwana sakumba manda a bambo ake, anatero, choncho abwera ndi ana awo kuti athandize. Angowalozera malo.

Virgil anatsitsa piki n'kunena kuti malo ake ndi omwewo, wayamba kale.

A Lucius anayang'ana dzenjelo, n'kuyang'ana mzere uja pamwamba pa phiri.

"Pano? A Elbert akudziwa zimenezi?"

Virgil anafunsa kuti akutanthauza chiyani. A Lucius anazengereza. Anati sakufuna kulowerera nkhani za banja la eni, ndipo ngati akufuna pakumbidwe pano, akumba pano. Koma Mayi Orlena anawapempha kuti alowe, anene zimene akudziwa. Mkuluyo analowa pachipata, koma sanapite kudzenje. Anadutsa miyala yolembedwa ya a Ousley n'kukaima kumbuyo, kumene kunali mizere iwiri ya miyala wamba ya m'munda, yopanda dzina, ina itapendekeka. Ana a Ousley anakula akuidumphadumpha miyala imeneyo osafunsa kuti pagona ndani.

Anafotokoza kuti masabata atatu apitawo, sabata imene Virgil ankasamutsa mkazi wake ndi ana, a Elbert anatulukira pakhomo pawo atakwera bulu. Anaima pachipata osalowa, mpaka atawaitana. Atakhala pakhonde, anati: agogo anu aakazi, Dicey, agona kumbuyo kwa manda athu, mwala wachitatu kuchokera pamkungudza waukulu. Anali kapolo wa agogo anga. Bambo anga ndi amene anandisonyeza malowo. Madzi akubwera, ndipo ine si m'bale wawo woti ndingawasainire.

"Amayi anga anawachotsa pakhomo lino ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero a Lucius. "Anawapereka ngati mphatso ya ukwati, pamodzi ndi ng'ombe. Anafa osadziwa kumene amayi awo anaikidwa. Ine ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi ndikudutsa pamsewu uwo, osadziwa."

Anaika dzanja pamwala wina wofiirira. Anati a Elbert anabwera nawo pomwepo kudzawasonyeza, kenako anapita nawo ku ofesi ya kalaliki kukaikira umboni, chifukwa mawu a munthu wakuda okha, opanda mwala wolembedwa, ankaopa kuti mwina sakawamvera. Agogo awo adzasamutsidwa sabata yamawa, kupita kumanda a tchalitchi chawo. Ndipo sanali iwo okha. Miyala yopanda dzina inalipo khumi ndi umodzi, a Elbert ankadziwa eni ake a isanu ndi inayi, ndipo anayenda makomo asanu kufunafuna zidzukulu, lina mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Powell. Iwiri ya pangodya ndi imene inawavuta. Wina anali wamalonda woyendayenda amene anadwala n'kufera m'khola la agogo a a Elbert, wina kamwana ka anthu apaulendo amene ankapita kumadzulo. Maina awo panalibe anawasunga.

Nola anafunsa chifukwa chimene bambo awo ankabwezera pepala lawolawo. A Lucius anati nawonso anawafunsa. Yankho linali lakuti akasaina msanga, okumba adzabwera tsiku limodzi, adzanyamula okhala ndi maina n'kupita, ndipo pakachulu kano sadzabwereranso. Choncho a kwawo adzawasainira pomaliza, enawo akapeza eni.

"Bambo anga ankadana nalo damu limeneli," anatero Virgil.

"Ankadana nalo, bambo. Analitukwana njira yonse, popita ndi pobwera. Mawu ena sindingawabwereze pamaso pa amayi." A Lucius anatsala pang'ono kumwetulira. "Koma anati amoyo ali ndi miyendo, adziwa okha kothawira. Awa alibe."

Virgil anafunsa chifukwa chimene sanamuuze iye, mwana wawo woyamba, amene ankalima nawo mzere umodzi tsiku ndi tsiku. A Lucius anayang'ana chipewa chawo. Anati a Elbert anangonena kuti mnyamata wawo wamkulu anamuphunzitsa okha kuuma mutu, ndipo anaphunzira bwino kuposa mphunzitsi wake. Ankadikira tsiku labwino lomuuzira.

Mphepo inagwedeza mikungudza. Dewey anali woyamba kutuluka m'dzenje. Anatambasula dzanja kuti amukoke mkulu wake, koma Virgil anatuluka yekha, n'kukhala pamulu wa dothi, piki ili pakati pa miyendo. Maso ake anali pamwala wa amayi ake. Palibe anamufulumiza. Ana a a Lucius anatsika m'ngolo n'kuima pachipata.

Atadzutsa mutu, anafunsa Mayi Orlena ngati ankadziwa za maulendowo. Iwo anati ankawamangira kamba m'mawa n'kuwatenthetsera madzi a mapazi madzulo, koma kumene ankapita ankangoti kukaona munthu. Virgil anagwedeza mutu. Sanapepese, ndipo iwo sanadikire kupepesa kwake. Anavula shawelo n'kumuponyera paphewa, chifukwa malaya ake anali atanyowa ndi thukuta ndipo anali atayamba kunjenjemera.

Kenako anatembenukira kwa Dewey. Anati bokosi la amayi ake adzakhoma yekha, la msinkhu wonse wa munthu wamkulu, ndipo chilichonse chotuluka pansipo adzachinyamula ndi manja ake, osati a mlendo. Dewey anati akafunsa kwa akuluakulu, akuganiza kuti alola.

"Sindikufunsa," anatero Virgil.

"Ndamva, achimwene."

Anakwirira dzenje lija onse pamodzi. Nola anatenga mfuti n'kubwerera nayo kunyumba. Masana Dewey ananyamula a Lucius ndi ana awo pa lole kupita kumanda atsopano, ndipo anakumba mpaka dzuwa kulowa, m'dothi lolimba la miyala. Mayi Orlena ndi amene anasankha malo, pakati, kusiya mpata kumanja ndi kumanzere.

Lachisanu m'mawa a Elbert Ousley anatuluka m'chigwa. Virgil anakana zoti bokosi likwere lole, choncho linapita pa ngolo, bulu wawo yemwe uja akukoka, iye akuyenda pansi atagwira chingwe. Ulendowo unatenga maola awiri. Atayandikira kumtunda, belu la Shiloh, limene analipachika pamtengo poti tchalitchi chatsopano chinali chisanafoleredwe, linayamba kulira, ndipo anthu amene anasamuka kale anatuluka m'nyumba zawo zosamalizidwa. Anabwera ochuluka kuposa momwe banjalo linkayembekezera. Panalinso nkhope zachilendo zingapo, zakuda ndi zoyera, zimene zinaima kumbuyo pamodzi ndi a Lucius. Nola sanazidziwe, koma anaganiza kuti n'za makomo asanu aja.

Kalaliki wa zamanda anawapeza masana atabwerera kumanda akale, pakachulu kaja. Anali mnyamata wa magalasi, wofatsa, wonyamula mapu ndi chikwama chachikopa. Anapepesa za maliro, anati a Elbert anamuvutitsa kwambiri koma adzawasowa. Anayala pepala pamwamba pa chipata, Nola anasainira amayi ake, Cordia, Virgil naye anasaina, akukanikiza cholembera mpaka kuboola pang'ono. Anasainiranso agogo awo ndi ena onse a miyala yolembedwa. Kalalikiyo anayendetsa chala pamapu ake, akuwerenga manda limodzi ndi limodzi. Onse anali ndi eni tsopano, kupatula awiri a pangodya. Anati pamenepo mapu ake akusonyeza kuti palibe dzina, palibenso wachibale, ndipo popanda wosainira sangalonjeze kuti adzasamutsidwa.

Onse anapita kukawaona. Miyala iwiriyo inali yaifupi, yokwiririka ndi masamba amene mphepo inaunjika pampanda. Nola anagwada n'kuyamba kuchotsa masambawo ndi manja. Atafika pamwala weniweni anasiya, n'kumuitana Virgil.

Pamwala uliwonse panali zilembo zozokotedwa ndi msomali, zatsopano, m'kati mwake mukuyerabe. Zinali zokhota, zina zazikulu zina zazing'ono, ndipo pamwala wa kamwana kaja malo anachepa moti chilembo chomaliza chinapita pansi pa zinzake. A Elbert analekeza sukulu m'chaka chachiwiri, ndipo moyo wawo wonse dzina lokhalo ndi limene ankatha kulemba. OUSLEY. Chilembo cha S chinayang'ana kumbuyo, monga ankachilembera nthawi zonse.

Kalalikiyo anawerama, anakonza magalasi, n'kuyang'ananso pamapu ake.

"Ndi abale anu awa?"

Virgil anagwada pambali pa mlongo wake. Anayendetsa chala m'zilembozo, kuyambira koyamba mpaka komaliza, n'kupukuta fumbi loyera pabuluku lake.

"Mwaona nokha," anatero. "Bweretsani cholembera."